Makina Amene Ndinawatcha Dzina Lanu

Mayfair, Joni
14 Malichi 1998

Mkazi wanga wokondedwa, mayi a Bushra,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu Bushra, amalume anu a Yasini ndi onse a ku Mwadzama. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula bondo lija limene limayamba kulankhula kukazizira. A Esitere, aphunzitsi athu, inu amene mukumuwerengera mkazi wanga kalatayi, moninso kwa inu. Muwerenge zonse, musadumphe pamene pakukuchititsani manyazi.

Kalata yanu ndalandira kwa Tedson wa lole. Mwati ndimupezere ntchito msuweni wanu Fakiri, poti wamaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre ndipo akungokhala. Ndamva. Koma mawu akuti “amuna anga a Fakiri” aja sanandikomere. Ndikudziwa kuti ndi chisuweni, mwana wa amalume ndi mwamuna wa nthabwala, ndipo kumudzi ndinkaseka nawo. Koma nthabwala ikalembedwa papepala n'kuyenda mlungu wathunthu pa lole, imafika itasasa.

Ndamvanso kuti amalume anu amauza anthu ku mzikiti kuti ine ndine mlonda. Muwauze kuti ulonda ndinasiya kalekale. Ndinayamba ndi kulondera, kenako kukoka mawaya, lero ndine wosamalira makina. Kampani yathu ili ndi chipinda chozizira ngati m'firiji, ndipo m'menemo muli makompyuta makumi anayi ndi awiri amene timawatcha maseva. Palibe munthu amakhalapo n'kumalemba, amangokhala pamashelefu n'kumalira okha. M'kati mwawo mumakhala masamba a pa intaneti a masitolo ndi makampani. Munthu ali kwawo akalemba pa tsamba kuti ndikufuna chakuti, pamafunika kapulogalamu kakang'ono kolandira mawuwo n'kukawapereka kwa mwini sitolo. Kapulogalamu kotero timakatcha modyulo. Ntchito yanga ndi kuika mamodyulo m'makina. Yatsopano ikabwera, ndimachotsa yakale n'kuika yatsopanoyo, makina amodziamodzi mpaka onse atha. Zimanditengera masiku anayi.

Mabwana amawatchula makinawa ndi manambala, koma ine m'kabuku kanga ndinawapatsa mayina a kwathu: Kanyenda, Nkhunga, Chia, Bua, Sani. Onse ali ndi makhalidwe awoawo ndipo ndinalemba zonse. Makina a nambala 17 ndinawatcha Mwanahalima, dzina lanu. Ndi akale kuposa onse, koma musakwiye, sindinawatche chifukwa cha ukalamba ayi. Ndinawatcha chifukwa salandira chimene anzawo alandira. Tinawagula ku kampani ina imene inatsekedwa, ndipo modyulo yawo ndimayamba ndaisintha mizere itatu ndi dzanja langa. Ndikapanda kutero amaoneka ngati akugwira ntchito, koma mawu a anthu safika kumene akupita. Amenewa ndiwo amasunga tsamba la kampani ina ya mabasi, pamene anthu amasungitsirapo mipando. Za mizere itatuyo palibe wina amadziwa, ngakhale bwana wathu a Venter.

Fakiri abwere ndi Tedson mwezi wamawa. Ndikamulankhulira, koma sindikulonjeza. Ndatumiza nsalu ziwiri ndi nsapato za Bushra. Mpunga wayandikira kucha, musawasiyire mbalame. Chinangwa cha kumtunda musagulitse, njala ya chaka chatha muikumbukire.

Ndine mwamuna wanu,
Jamali Kalilu


Mayfair
23 Meyi 1998

Mkazi wanga wokondedwa,

Salaam aleikum. Moni kwa inu nonse. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo bondo likundikumbutsa zaka zanga.

Fakiri anafika bwino. Mpunga ndi usipa zafika, zikomo, chipinda chonse chikununkhira kwathu. Yafikanso mizuli iwiri imene munaluka. Wanga ndi woyera bwino, ndathokoza. Koma wa Fakiri uli ndi mzere wobiriwira m'mphepete. Lachisanu ku mzikiti anakhala kutsogolo kwanga, ndipo ndinauyang'ana mzere umenewo swala yonse, Mulungu andikhululukire. Ulusi wobiriwira unathera pa mzuli umodzi kodi?

Atangotsika lole anakuwa anthu onse akumva kuti, “Alamu! Wakuba mkazi wanga! Mwanenepa chonchi, mkazi wanga akuvutika kumudzi inu mukudya buledi kuno?” Ndinaseka, koma ndi mano okha.

Ndinamutengera kwa a Venter. Anamufunsa mafunso ola lathunthu, iye n'kumayankha Chingerezi cha m'mphuno chimene ine sindinachimvepo ku Mwadzama. Amulemba moyeserera mpaka kutha kwa chaka. Akachita bwino, kampani idzamukonzera chilolezo chogwirira ntchito. Pakadali pano ali ndi chidindo cha mlendo chokha m'pasipoti, ndiye ndamuuza kuti asamayendeyende m'tauni. Akugona m'chipinda changa, ndamugulira jekete ya ku kaunjika chifukwa anabwera ndi malaya a kunyanja, ngati akupita ku Chia kukagula chambo.

Mlungu watha kunabwera modyulo yatsopano, ndipo ndinayenda naye m'chipinda chozizira kuti aone ntchito. Tsiku loyamba anangoonerera. Lachiwiri anayamba kuyasamula. Lachitatu anati, “Alamu, bwanji mukulemba mawu omwewomwewo maulendo makumi anayi? Makinawa ndi olumikizana. Amodzi akhoza kuuza anzawo onse, inu mutakhala pansi.”

Ndinamuuza kuti ukonde sasoka ndi pakamwa, amasoka diso limodzilimodzi.

“Tsobola wakale sawawa, alamu,” anatero akuseka.

Tsiku lachinayi, lokonza nambala 17, ndinamutuma kukalandira katundu ku geti. Mizere itatu ija ndinasintha ndili ndekha. Sikuti ndimamubisira ayi, koma mlendo sumuonetsa kuchipinda tsiku lomwe wafika.

Ndatumiza bulangete limodzi ndi sopo. Mpunga mukapuntha, matumba awiri mupatule a mbewu. Amalume muwauze kuti mwana wawo akudya bwino, mwinanso kuposa ine.

Mwamuna wanu,
Jamali


Mayfair
30 Ogasiti 1998

Mkazi wanga wokondedwa,

Salaam aleikum. Ndakondwa kumva kuti Bushra wachira malungo. Kuno tili bwino tonse awiri. Ndikuti tonse awiri chifukwa m'kalata yanu mwafunsa za chifuwa cha Fakiri katatu. Chifuwacho chinatha mu Juni. Za bondo langa simunafunse, koma likadalipo, likukupatsani moni.

Msuweni wanu wakwera. Walemba chimene amachitcha sikiripiti. Ndi mndandanda wa malamulo umene amaupereka kwa makina amodzi, makinawo n'kutenga modyulo, kuitumiza kwa anzawo, kuiika, n'kubweza yankho kuti zatheka. Anayesera pa makina asanu a Venter akuonerera. Ntchito imene ine ndimagwira kuyambira m'mawa mpaka masana inatha tiyi wa a Venter asanazizire. Bwana anamumenya paphewa n'kuitana anthu a m'maofesi ena kuti adzaone. Ine zaka zisanu ndi chimodzi pamalo pano, phewa langa silinalawepo dzanja la bwana.

Ndili ndi nsanje, mayi a Bushra. Ndanena, ndipo a Esitere awerenge mokweza. Ndine amene ndinamubweretsa, ndine amene ndinamuonetsa pokwerera takisi, koma lero wapatsidwa tebulo la pawindo, ine ndikadali pa kampando ka pakhomo la chipinda chozizira. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti mnyamatayo alibe mwano. M'mawa amandiwiritsira madzi osamba. Akanakhala wamwano ndikanadziwa pomugwira.

Dzana anandipempha kabuku kanga. Anati, “Alamu, mundibwereke ndikopere zimene mumadziwa za makinawa, sikiripiti ikhale ndi nzeru zanu.” Ndinamuuza kuti muli maadiresi a kumudzi chabe. Kabuku kameneka ndakalemba zaka zinayi, ndi zala zozizira. Nkhuku yoweta sagula pamsika, amene akufuna nzeru zotere akhale m'chipindamo zaka zinayi nayenso.

Tedson wandiuza kuti chithunzi chimene Fakiri anatumiza mwachipachika pakhoma pafupi ndi chathu cha ukwati. M'chithunzimo wavala jekete imene ndinamugulira ine. Nyumba ya amalume ilibe khoma kodi?

Ndamva kuti kwacha yagwa ndipo zinthu zakwera. Malata aja mugule msanga asanakwerenso, koma muwasunge kuseri. Wina asakwere padenga langa. Ndidzakhoma ndekha ndikabwera pa Idi.

Mwamuna wanu,
Jamali


Mayfair
22 Novembala 1998

Mkazi wanga wokondedwa,

Salaam aleikum. Moni kwa onse. Thupi langa lili bwino.

Kalata yanu yafika. Mwalemba kuti amalume akuuza aliyense kuti Fakiri ndiye nyali ya banja lonse. Chabwino. Ine mkamwini ndine chikuni chabe, chotenthetsa madzi n'kusanduka phulusa.

Lachitatu a Venter anatiitana tonse awiri. Ati Lolemba pa 7 Disembala kubwera modyulo yatsopano, ndipo ulendo uno iikidwa m'makina onse makumi anayi ndi awiri nthawi imodzi, ndi sikiripiti ya Fakiri. Zikayenda bwino, Fakiri apatsidwa chilolezo, ntchito yokhazikika ndi kiyi wa chipinda chozizira. Ine ati ndikathandize anyamata okoka mawaya ku nyumba yatsopano. Ananena akumwetulira, ngati akundipatsa mphatso. Kiyi ameneyo wakhala m'thumba mwanga zaka zinayi.

Masana a tsiku lomwelo tinakhala pamasitepe tikudya. Fakiri anaika buledi wake pansi n'kunena kuti, “Alamu, sindikufuna kulakwitsa. Inu mwakhala ndi makinawa nthawi yaitali. Alipo amene ali ndi zachilendo, amene sangalandire modyulo yofanana ndi anzawo? Mundiuze ndiwapatule.”

Kabuku kanali m'thumba la malaya, kakundigunda pachifuwa. Pamutu pa Fakiri panali mzuli wa mzere wobiriwira.

Ndinati, “Onse ndi ana a mayi mmodzi.”

Anandithokoza, n'kundipatsa theka la nthochi yake.

Inu mukudziwa za nambala 17, ndinakulemberani m'Malichi. A Esitere, musagwedeze mutu, ndikukuonani ndili kuno. Munthu wophunzira ku Blantyre, wa tebulo la pawindo, afunikiranji kuuzidwa ndi wokoka mawaya? Ngati sikiripiti yake ili ndi nzeru, iwadziwe yokha makina amene ndinawatcha dzina lanu. Chinthu chimodzi chokhacho ndicho chatsala changa.

Masiku akadalipo khumi ndi asanu. Mwina ndimuuza.

Mvula ikayamba mufese mpunga pa nazale wa kufupi ndi mtengo wa mango, wa kumunsi umamira. Pamene denga likudontha muike beseni kaye.

Mwamuna wanu,
Jamali


Mayfair
13 Disembala 1998

Mkazi wanga wokondedwa,

Salaam aleikum. Ndili moyo. Kalatayi ibwera ndi Tedson, ndipo pa lole yomweyo padzakhala Fakiri.

Sindinamuuze. Lolemba anadina batani, makina onse anayankha kuti zatheka, masamba onse anatseguka bwinobwino. A Venter anagula keke. Ine ndinadya nawo.

Lachinayi m'mawa foni inayamba kulira. Anthu amene anasungitsa mipando ya basi pa intaneti kuyambira Lolemba anafika pa depoti ndi zikwama zawo, ana kumsana, kupita kwawo ku Khirisimasi, n'kupeza mayina awo kulibe. Tsamba linkawauza kuti mpando wasungidwa, koma mawu awo sankafika kwa eni mabasi. Akuti anali anthu oposa mazana awiri, ena a kwathu komwe. Zimenezi sindinaziganize, mayi a Bushra. Ndinkaganiza za Fakiri yekha, sindinaganize za mayi wogona pa depoti ndi mwana.

Eni mabasi anaopseza kuti achoka ku kampani yathu. A Venter anafiira ngati phwetekere. Fakiri anafufuza m'mawa wonse, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija, osapeza. Masana bwana anatembenukira kwa ine. Ndinalowa, ndinasintha mizere itatu, ola lisanathe zonse zinali m'malo. Anandimenya paphewa. Dzanja limene ndinalidikira zaka zisanu ndi chimodzi lija linali lolemera ngati thumba la mchenga wonyowa.

Fakiri anamuchotsa tsiku lomwelo. Kiyi amene anamupatsa Lolemba wabwerera kwa ine. Chidindo chake cha mlendo chinatha kale, ndiye popanda kalata ya kampani sangakhale kuno. Titafika kuchipinda anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Alamu, ndakuchititsani manyazi. Inu munandibweretsa, ine ndaononga. Pakadapanda inu lero kampani ikanagwa.” Jekete ija waipinda bwinobwino, waisiya pa bedi langa.

Pamene ndinamuona akumanga chikwama m'pamene ndinazindikira kumene akupita. Akupita ku Mwadzama. Nyumba ya amalume ndi yanu zimayang'anana makomo. Ine amene sindinkafuna ngakhale chithunzi chake pakhoma panu, ndamutumiza yense wathunthu, ndi lole.

Pa Idi sindibwera. A Venter ati palibe tchuthi kufikira zinthu zitakhazikika. Ramadhani ikuyamba mlungu wamawa, mundikumbukire m'maduwa anu.

Kalata ya Novembala ija muiwotche. Musafunse. A Esitere, chonde, zimene mwawerenga zithere m'kamwa mwanu.

Mwamuna wanu,
Jamali


Mayfair
7 Febuluwale 1999

Kwa mayi a Bushra,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale sindikudziwa, chifukwa papita milungu isanu ndi itatu opanda kalata yanu. Ramadhani yatha, Idi yapita, ine ndinadya ndekha mpunga wa m'sitolo wopanda fungo.

Mwaona kuti pamwambapa sindinalembe monga ndimalembera. Tedson wandiuza kuti a Esitere anawasamutsira ku sukulu ya ku Nkhunga sukulu zitatsegulira. Ndiye ndadzifunsa kuti m'mudzimo watsala ndani wodziwa kuwerenga dzanja langa, ndipo yankho ndalipeza msanga. Mawu amene ndimayambira nawo makalata anga sindifuna atuluke pakamwa pa munthu ameneyo, atakhala pakhonde panga, akukuyang'anani kumaso. Anawanena mokwanira m'nthabwala.

Tedson sabisa kanthu, mukumudziwa. Wati denga lakhomedwa, ndipo wakhoma ndi Fakiri. Ndinanena kuti wina asakwere padenga langa. Wati mpunga wawokeredwa dimba lonse, Fakiri ali m'matope mpaka m'maondo, inu mukumupatsira mbande. Wati Bushra amayenda pamapewa pake popita ku madrasa. Ndinamufunsa ngati mumaseka. Anati anthu akamawokera mpunga amaseka, nanga alire? Kenako ananena kuti, “Achimwene, ku Mwadzama kuli nkhani, koma si imene mukuiganizayo.” Anakana kupitiriza.

Ndikudziwa kuti denga linkadontha. Ndikudziwa kuti mbande sizidikira munthu wa ku Joni. Koma kudziwa sikuchiza mtima.

Kuntchito zinthu sizili bwino kwenikweni. Makina awonjezera, tsopano alipo makumi asanu ndi asanu. Modyulo imodzi ikunditengera masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndisanamalize imafika inzake. Mlungu watha ndinaiwala makina awiri, Bua ndi Sani, anakhala ndi modyulo yakale masiku anayi mpaka kasitomala anadandaula. Maso anga akutopa. A Venter ati nditsegule sikiripiti ya Fakiri, ndione pamene inalakwika, tiyambe kuigwiritsanso ntchito. Ndawauza kuti mawa. Mawa limenelo lakwana milungu iwiri.

Mundiyankhe. Ngakhale mizere iwiri. Ndipo mundiuze ngati munachita chimene ndinakupemphani pa kalata ija.

Ndatumiza yunifolomu ya Bushra ndi shuga.

Jamali


Mayfair
21 Malichi 1999

Mkazi wanga wokondedwa, Mwanahalima, mayi a Bushra,

Salaam aleikum kwa inu, kwa Bushra, kwa amalume a Yasini, ndi kwa iwe Fakiri amene wagwira pepalali. Za thanzi langa sindinena, palibe amene wafunsa ndipo sindikudandaula.

Yankho lanu lafika. Dzanja ndi la Fakiri, ndinalidziwa ndisanatsegule envelopu. Ndaliwerenga mpaka ndaliloweza. “Kalata ya Novembala sindinawotche. Makalata anu onse ali m'chitini. Fakiri wawerenga onse kuyambira ya Malichi, amalume ali pomwepo. Amalume akuti mubwere, ankhoswe akhale pansi, tione ngati ukwati ulipo. Bushra ali bwino.” M'munsi mwake ndinafunafuna mawu ako, Fakiri, ngakhale chitukwano chimodzi. Sunawonjezere kanthu. Chitukwano chikanandipepukira.

Tsono ndikuuze chimene chachitika kuno. Tsiku limene kalatayo inafika ndinatsegula sikiripiti yako. Zambiri sindinazimve, ndisaname. Koma pamwamba penipeni, pamizere imene makina amaidumpha, imene munthu amalembera munthu mnzake, unalemba mayina a eni ntchito. Unalemba awiri: Jamali Kalilu ndi Fakiri Yasini. Langa patsogolo. Chapakati ndinapeza malo opanda kanthu, ndipo pamwamba pake unalemba m'Chichewa kuti, “Apa alamu alembe manambala a makina ofuna dzanja lawo.” Malo amenewo unawasiya kuyambira mu Ogasiti. Anandidikira miyezi inayi, mpaka tsiku limene unadina batani. Manambala awiri okha, wani ndi seveni, ndipo anthu aja akanakwera mabasi awo, iwe ukanakhala ndi chilolezo, ine ndikanabwera pa Idi kudzakhoma denga langa.

Ndinakhala pa kampando kanga kaja mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako ndinalemba 17 pamalopo. Ndinayesa, ndipo sikiripiti inaika modyulo m'makina makumi asanu ndi anayi, n'kuwadumpha amodzi aja mwaulemu, kuwasiyira ine. Sinali yolakwika. Inangonamizidwa.

Ndinapita kwa a Venter ndi kabuku kanga. Ndinawaonetsa tsamba la nambala 17, ndi deti limene ndinalemba za mizere itatu ija, zaka zinayi zapitazo. Ndinawauza za funso lako pamasitepe ndi yankho langa. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi. Ati ndimalize mwezi uno ndizipita. Choipa chitsata mwini, ndipo changa chandipeza ndi adiresi yolondola.

M'envelopu muno muli kalata ina ya Chingerezi, yochokera kwa a Venter. Ndi yako, Fakiri. Akukuitana, ndipo ulendo uno chilolezo akonza usananyamuke. Kabuku kaja ndamupatsa Tedson, kali m'kati mwa jekete yako. Muli makina onse ndi makhalidwe awo. Kanyenda amatentha fani ikagwira fumbi. Nkhunga usawazimitse mwadzidzidzi, amachedwa kudzuka. Za nambala 17 zili patsamba lomaliza, ndalembanso bwino kuti uwerenge mosavuta. Uwasamale. Dzina lawo ukhoza kusintha ngati ukufuna, koma ndikupempha usasinthe. Sindikupempha kuti undikhululukire m'kalata. Zimenezo ndidzapempha nditagwada, bambo ako akuona, ngati sitidutsana pa Tete iwe ukubwera ine ndikupita.

Amalume, ndamva kuitana kwanu. Ndidzafika mlungu woyamba wa Epulo. Ndinamulakwira mwana wanu, ndinanyoza mbumba yanu, ndipo chimene mudzagamule ndidzachimva. Ndikatsika pa boma ndidzafikira kwa inu, sindidzagogoda pakhomo la mwana wa mlongo wanu kufikira mutandiloleza.

Mwanahalima, tsopano ndi inu. Munapempha chinthu chimodzi, kuti ndimuthandize m'bale wanu, ndipo ine ndinawerengera ulusi wa pamzuli. Simunandilakwire kalikonse. Nsanje yanga sinathe, ndikanama nditati yatha. Ngakhale pano, ndikamaganiza kuti mwakhala pakhonde ndipo iye ali pafupi ndi pepalali m'manja, nsanjeyo imadzukanso. Koma ndaona chimene nsanjeyo imagula, ndipo sindikufunanso malonda ake. Ndikubwera wopanda ntchito, wopanda kiyi, ndi bondo limodzi labwino. Mpunga udzakhala ukucha. Ngati simudzandifuna m'nyumba, mundilole ndikaingitse mbalame kudimba, mudzandione muli patali kufikira mtima wanu utanena.

Fakiri, chotsala ndi chimodzi. Mawu a pamwamba pa kalatayi ndawabwezera, ndipo ndikudziwa kuti atuluka pakamwa pako. Uwabwereze kachiwiri, mokweza, usadumphe ngakhale limodzi. Koma ukafika pakuti “mkazi wanga wokondedwa,” uyambe wamuuza kuti akutero ndi Jamali.

Ndine mwamuna wanu, ngati mudzalola,
Jamali Kalilu